Usipa sudikira majisitireti

Amangwetu a geni ya nsomba, inu amene mumalawirira ku Senga Bay ndi ku Chipoka kuti mukafike mumsika wa Lilongwe dzuwa lisanakwere, nkhaniyi ndi yanu. Atrafiki akaimitsa pikapu ati yathamanga mopyola muyezo, woyamba kukuwa kuti "lipirani tizipita adalaivala" amakhala ndani? Ndinu. Nthawi zina mpaka kusonkherana.

Sindikukudzudzulani ayi. Ayezi akasungunuka mpamba wapita. Koma dziwani kuti kulipira chindapusa pamsewu pompo nkuvomera mlandu. Amene akuona kuti sanalakwe ali ndi ufulu wokana, nkhani nkupita kwa majisitireti. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, amene anabwera ndi matipate mu 1994, likuti munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Ndiye kuti wopereka umboni ndi boma, osati dalaivala. Kale sizinali choncho. Makhoti a mafumu a nthawi ya Kamuzu sankalola loya, moti a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983 popanda wowaimira.

Ufulu umenewu ndinauona ukugwira ntchito kukhoti lina, kumene ndinatsata mlandu wa dalaivala wa matola wa kunyanja konkuno. Mkuluyu analibe loya, anangobwera ndi kapepala kamene analembapo nthawi ndi malo amene anamuimitsira. Atapatsidwa mpata anafunsa modekha: "Bwana, nambala ya pakamera ija munandionetsa? Nanga basi inkandipitirira ija, mukudziwa bwanji kuti liwirolo silinali lake? Chikwangwani cha liwiro pamalo paja chili pati?" Mboni inangoti kakasi. Mlandu unathera pomwepo.

Zoona zake, si onse amanamiziridwa. Ena mwa madalaivala athuwa amadutsa pa Kamuzu Road ngati palibe ana asukulu ndi akabaza. Oterowo alipire basi, ndipo inu okwera muziwadzudzula galimoto isanafike pakamera. Chachikulu, polipira atenge lisiti ya boma, GR ija. Ya fanta yopereka mobisa m'laisensi ndi chiphuphu, ndipo lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 limagwira wolandira ndi wopereka yemwe.

Chimene chikundiwawa ine ndi mtengo wa chilungamochi. Mlandu wa mkulu uja anauimitsa kawiri, tsiku lina mboni siinabwere, lina fayilo siinaoneke. Anapita kukhoti katatu, galimoto ili chiimire pakhomo, amayi amene amawatengera usipa ndi utaka atapeza kale pikapu ina. Titatuluka tinawerengera limodzi pansi pa mtengo wa mango: ndalama imene anataya masiku atatuwo inaposa chindapusa chimene anakana chija.