Kalata kwa Mkulu wa Nthambi ya Zankhalango: ana a ku Mzimba alione damu la Luwawa

Bwana,

Pepani kuti ndalemba kalata imene ena aiwerenge inu musanaione. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala pa boma la Mzimba, ndipo choko ndachigwira zaka zambiri m'sukulu za kummwera kwa boma lino, kuyambira cha ku Embangweni mpaka kufupi ndi Jenda. Pakhomo timayankhula Chitumbuka, koma ndasankha Chichewa kuti anzathu a ku Dedza ndi a ku Zomba, amene nawonso ali ndi nkhalango za boma pafupi, amve nawo. Nkhani yanga ndi ya damu la Luwawa.

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, komatu silikhudza Nyanja ya Malawi ngakhale penapake. Mwana wa kwa Mzikubola kapena wa kwa Mabulabo akafuna kuona nyanja, akwere mpaka ku Mzuzu, kenako atsetsereke ku Nkhata Bay, ndipo ndalama ya ulendo wotere makolo ambiri kuno angaigulire thumba la feteleza. Choncho nyanja timaijambula pabolodi. Ana amaloweza kuti Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, kuti UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, nakhoza mayeso, koma madzi ambiri amene anawaonapo ndi a m'dambo nthawi ya dzinja. Kuli kanyanja ka Kazuni ku Vwaza, kuli damu la Lifupa ku Kasungu, inde, koma konseko n'kutali, ndipo n'kwa mvuu ndi njovu, si koti mwana n'kumathamangathamanga m'mphepete mwa madzi. Pomwe pakhomo pathu pomwe pano, makilomita pafupifupi 10 kuchoka mumsewu wa M1, pali damu lokongola pakati pa nkhalango ya boma. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ine ndemwe ndinakhala zaka zambiri osapondako. Chikwangwani ndinkachiona ndili m'basi, koma mumtima ndinkati kumeneko n'kwa azungu. Palibe anandiuza zimenezo, palibe anandibweza pachipata. Ndinangodzitsekera ndekha, monga amachitira anzanga ambiri mpaka lero.

Chaka china mu June tinalimba mtima, ine ndi mphunzitsi mnzanga wamayi, n'kutenga ana a Sitandade 7 a kalabu ya zachilengedwe. Makolo anasonkha ufa, wina nkhuku, wina nyemba, ndipo tinachita hayala lole yomwe masiku ena imanyamula chimanga. Tinanyamuka kusanache, ana atadzikulunga zitenje za amayi awo, chifukwa kuzizira kwa pa Viphya mwezi umenewo sikuseweretsa. Njira yonse anali kuimba ndi kuseka madalaivala a njinga. Titatsika pafupi ndi damu, phokoso lonse linathera pomwepo, zii. Nkhungu inali itagona pamadzi ngati utsi wa m'khitchini m'mawa, tsidya linalo osaoneka, mitengo ya paini itaima mumzere, fungo la utomoni lili guu. Mnyamata wina anaviika dzanja m'madzi n'kulichotsa msangamsanga ngati wagwira mbaula. Kenako kamtsikana kena, kamene m'kalasi sikankayankhula kawirikawiri, kanandikoka malaya n'kufunsa chapansipansi kuti, "Aphunzitsi, nyanja ija ndi imeneyi?" Anzake anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa funsolo linandionetsa kuti zaka zisanu ndi ziwiri za sukulu zinamupatsa mawu okhaokha.

Tsikulo linali labwino, koma mtima wanga sunakhazikike. Nsima tinaphika pamafuwa atatu, pamalo pamene tinapalira tokha, ndipo nthawi yonse maso anga anali pamoto, poti masamba ouma a paini amagwira moto ngati palafini. Masana mnyamata wina anaterereka pamatope n'kugwera m'madzi ofika m'chiuno. Anatuluka yekha akuseka, mano akugundana, koma ine miyendo inazizira, pokumbukira kuti pagulu lonselo, kuphatikizapo ife aphunzitsi ndi dalaivala, panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kusambira. Mwana wa ku Mzimba amadziwa ng'ombe ndi ngolo, za madzi akuya ayi. Vuto limeneli linali lathu, tinapita osakonzeka. Koma landiphunzitsa zoyenera kupempha.

Mbiri ya nkhalangoyi mukuidziwa kuposa ine, komabe ndiloleni ndiikhudze monga timaionera ife okhala m'mbali mwake. Kubzala kwakukulu pa Viphya kunayamba mu 1964, ndipo paini anadzaza mahekitala pafupifupi 53,000, mpaka nkhalango ya Chikangawayi inkatchulidwa pakati pa nkhalango zobzala zazikulu zedi mu Africa. Cholinga chinali chakuti mitengoyo izidyetsa fakitale ya mapepala yomwe inkayenera kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakula n'kudikira, kenako kunabwera macheka. Kampani ya Raiply inapatsidwa mahekitala 20,000, ocheka matabwa ena anadzaza mbali zotsala, ndipo moto wa chaka ndi chaka unamaliza zambiri zimene macheka anasiya. Aliyense woyenda pa M1 kupita ku Mzuzu anaona mapiri a zitsa zakuda pamene kale panali mdima wa mitengo masana.

Mfundo yanga, Bwana, ili apa. Kuyambira pachiyambi nkhalangoyi inaganiziridwa ngati chakudya cha fakitale, kenako ngati matabwa okweza pathiraki. Munthu wa m'mudzi woyandikana nayo amaidziwa m'njira ziwiri basi: kusenza matabwa paganyu, kapena kuzemba mlonda ali ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Munthu wotereyo akaona utsi ukufuka kuphiri, n'chiyani chingamudzutse pamkeka kuti akathyole nthambi yozimitsira? Amangoti za boma zikupsa. Pobwerera tsiku lija tinadutsa phiri lina lopserera, ndipo ana omwe aja, amene m'mawa analidutsa akuimba, madzulo analiyang'ana mwachisoni n'kuyamba kukangana kuti anayatsa ndani, osaka mbewa kapena ofula njuchi. Tsiku limodzi lokha pamthunzi linawasandutsa eni ake.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April, timakhala m'nyengo yobzala mitengo. Ana a sukulu amaitanidwa, amaimbira alendo olemekezeka, amakumba maenje mvula ili pamsana, amajambulidwa atagwira timachubu ta mbande. Ndawaperekezapo kambirimbiri. Zikatha amabwerera m'kalasi, ndipo mwambo wowaitananso kuti adzakhale pansi pa mtengo umene wakula sitinaukhazikitse. M'mera mpoyamba, timatero, koma sitiwaonetsa anawo chimene mmerawo udzakhale.

Ndisanamizire kuti ku Luwawa kulibe chochitika. Kuli Luwawa Forest Lodge, ndipo alendo amapalasa timabwato padamu, amakwera njinga m'tinjira ta m'nkhalango, amawedza, ena amayenda wapansi masiku angapo kutsetsereka mpaka ku Chintheche. Anthu amachoka ku London kudzachita zimenezi. Ine ndilibe nawo mlandu eni malowo. Iwo ndiwo aonetsa kuti malowa ndi chuma ngakhale mtengo usanagwetsedwe. Koma malo ogona alendo ndi bizinesi, ali ndi mitengo yake yolingana ndi matumba a alendo ake. Nkhalango ndi ya boma, ndiye kuti ndi ya mayi wogulitsa tomato pa Jenda ndi ana ake omwe.

Chimene ndikupempha si hotela. Patulani kadera kamodzi m'mbali mwa damu kuti kakhale kochezerapo anthu wamba, ndipo mulengeze poyera, pawailesi ndi pachikwangwani cha pa M1, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, kuti munthu aliyense ndi wololedwa, ndipo ndalama yolowera ndi yakutiyakuti. Mtengo ukalembedwa poonekera, mphunzitsi amatha kuuza makolo zoti asonkhe, ndipo mantha aja akuti n'kwa azungu amatha okha. Pakhale mbaula zomangidwa ndi njerwa pamalo opalidwa bwino, kuti wophika nsima asachite kuba moto monga ndinachitira ine. Pakhale zimbudzi, dzenje la zinyalala, ndi kachisakasa kobisalamo mvula. Koposa zonse pakhale chingwe chosonyeza polekezera madzi osaya, majekete oyandamitsa angapo, ndi anyamata awiri atatu a m'midzi yapafupi ophunzitsidwa kupulumutsa womira. Sukulu za boma zipatsidwe masiku ake pateremu olowa ulere kapena pamtengo wotsika, ndipo pa tsikulo wogwira ntchito zankhalango mmodzi ayende nawo ana, awaonetse nazale, awafotokozere chifukwa chimene amalimira mizere yotchinga moto chilimwe chisanafike. Za msewu ndikudziwa kuti si zanu nokha. Mukambirane ndi khonsolo ya M'mbelwa kuti giredala izidutsako mvula ikatha.

Mwina mukuti anthu sadzabwera. Bwerani pa Mzimba mu December mudzaone magalimoto a manambala a ku Joni ali ndandanda pamabotolositolo. Anyamata athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town anazolowera kumeneko kutenga banja Lamlungu kukakhala kupaki, kuotcha nyama, ana akusewera. Akafika kwawo ndalama ali nazo, galimoto ali nayo, kopita ndi banja n'kumene kumasowa. Onjezanipo achinyamata a m'mipingo, makwaya, akwati ofuna kojambulitsa zithunzi. Ndipo amene anafikako ku Hora pa mwambo wa Umthetho mu August akudziwa kuti anthu a kuno, chinthu akachiyesa chawo, amadzaza malole.

Mantha anu enieni ndikuwadziwa, ndipo ndi omveka: mapepala apulasitiki m'madzi, mabotolo osweka, zimkuzamawu zothamangitsa mbalame, woledzera wofuna kuonetsa kuti amatha kusambira, ndi chitsa cha ndudu mu October. Zoterezi zimachitika ndithu tikalekerera. Koma Lamulo la Zankhalango la 1997 linatsegula kale khomo loti nthambi yanu izigwira ntchito limodzi ndi makomiti a m'midzi osamalira zachilengedwe. Apatseni makomitiwo gawo la ndalama za pachipata, lowerengeka ndi lodziwika kwa mfumu ndi anthu ake, muone ngati angalole mlendo kutaya botolo m'damu limene likugulira ana awo makope. Amayi amene amagulitsa bowa m'mbali mwa msewu nthawi ya dzinja apeze pokhala pawo pamenepo. Miyezi ya moto ikafika pachimake, tsekani mbaula kapena tsekani malo onse. Anthu adzamva, bola auzidwe chifukwa chake. Mafumu athu, kuyambira kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa V ku Edingeni mpaka kwa nyakwawa, mawu awo amamvekabe kuno, ndipo lamulo lodzera pakamwa pawo limagwira kuposa la pachikwangwani.

Ndiulule kanthu kena, kuti musandiyese woyera. M'mawa uliwonse njinga zimalowa m'tauni muno zitasenza matumba a makala, ambiri ochokera cha ku Perekezi, ndipo magetsi akazima inenso ndimaimitsa njinga n'kugula. Ndikudziwa kuti ndikudya nkhalango yomwe imasunga madzi a mtsinje wa Mzimba, amene ndimamwa. Kapaki kamodzi ku Luwawa sikadzathetsa zimenezo. Ndikungoti mwa ana makumi anayi amene angakhale tsiku limodzi pamenepo, ena adzakula ali ndi chifukwa chawochawo chokanira kuyatsa tchire, chosachita kuloweza.

Kamtsikana kaja tsopano ndi mayi wa ana awiri, amagulitsa zovala za kaunjika pamsika wa pa boma. Mwezi wathawu anandiimitsa n'kundikumbutsa za ulendo uja, mpaka za nkhuku yomwe inapsa mbali imodzi. Akufuna kupita ndi ana ake pa holide ikubwerayi, ndipo anandifunsa kuti akafika pamphambano paja alowere kuti, akaonane ndi ndani, atenge ndalama zingati. Ndinamulonjeza kuti ndifunsa kwa eni ake. Yankho lanu mungalitumize kudzera ku ofesi ya zankhalango ya pa boma pano, kapena mulinene pawailesi, tonse timve.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mzimba