Yemwe amatchedwa nkhutukumve ku dambo

M'malipoti a kusukulu ndi m'makalata a m'maofesi mumapezeka mawu a Chingerezi akuti recalcitrant. Amanena munthu waliuma, nkhutukumve yemwe ngakhale umulangize chotani sasuntha. Gwero lake ndi Chilatini, chinenero cha Aroma: calx ndi chidendene, calcitrare ndi kumenya theche, ndipo ka re kakutsogoloko kakutanthauza kubweza. Ankanena kavalo kapena bulu yemwe akati amukwapule, iye n'kutukula miyendo yakumbuyo. Angerezi anawatola m'zaka za m'ma 1800. M'Baibulo la Chilatini, pa Machitidwe 26:14, pomwe Saulo akuchenjezedwa za kulimbana ndi chisonga chotosera ng'ombe, palinso calcitrare yemweyu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mawuwa amatuluka pakamwa pa wogwira chikwapu. Chimene chachititsa nyamayo kumenya theche, kaya ndi bala la pakhosi kaya katundu wolemetsa, mulibemo m'mawuwo.

Kuno kwa Kambombo, m'chigwa cha Luangwa, ng'ombe n'zochepa chifukwa cha kashembe, koma alimi otchedwa aliuma ndiye mbwee. Munthu amauzidwa kuti achoke ku dambo komwe njovu zimadutsa, iye n'kuyankha mwaulemu kuti wamva, mvula ikagwa n'kubwerera komweko. Wochokera ku tawuni amapukusa mutu. Komatu mpunga wonunkhira wa kuno ku Chama, womwe anthu amaufunafuna ku Lundazi, ku Chipata mpaka ku Lusaka, sumera pa mtunda pouma. Umafuna dothi logwira madzi, ndipo dothilo lili komwe njovu zimadzamwa.

Mpunga ukayamba kucha, mlimiyo sagona m'nyumba. Amachezera pa nsanja, udzudzu uli ng'waa m'makutu, chitini ndi mtengo zili pambali. Pansi pamafuka ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola kuti utsi wake uthamangitse nyamazo. Akangomva thyo! kutchire, amadzutsa anzake ndi mfuu. Tsiku lina njovu zimapambana, munda wonse n'kusanduka bwalo, ndipo mlimiyo chipukuta misozi sachiona.

Ine munthu wotere sindingamulembe kuti nkhutukumve. Mlangizi wofuna kuti asamuke ayambe wakhala naye pa nsanjapo usiku umodzi, kenaka akamuonetse dambo lina la madzi komwe ana ake adzadye chaka chamawa.