Kudutsa ulere pa toll gate nthawi ya tchuthi? Ine ndikukana

Ku China, kuyambira 2012, galimoto zing'onozing'ono zimadutsa ulere pa toll gate nthawi ya zikondwerero zikuluzikulu. Anzanga ena akuti nafenso titero pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, kuti anthu azikhamukira ku Senga Bay pa Khirisimasi.

Munthu wothira mafuta m'galimoto yake mpaka ku Salima sangasowe ndalama ya pageti. Amayi ambiri opita kunyanja pa 15 Okutobala amakwera basi ndi minibasi, ndiye mwayiwu sungawafike. Chimene chimagwetsa ulesi alendo ndi maenje a mumsewu wa M5. Ndalamazo zitoleredwe ndithu, koma a Roads Fund Administration azitiuza poyera misewu imene zakonza. Wogulitsa chambo ku Senga Bay akufuna makasitomala chaka chonse, osati pa tchuthi pokha.