Musathire Actellic pa ana a mphaka

Alimi anzanga, ambiri tikaona utitiri pa kamwana ka mphaka timathamangira Actellic Super wotsala pothira chimanga, ena mpaka dibi wa ng'ombe. Ine ndikuti tileke. Mu Actellic Super muli permethrin, mankhwala amene chiwindi cha mphaka chimalephera kuwachotsa msanga m'thupi monga chichitira cha galu. Tsono mphaka amadzinyambita, ndiye amawameza. Kamwanako kamayamba kutuluka dovu, kunjenjemera ndi kuphupha, mwina kufa kumene. Nanga makoswe kunkhokwe adzagwira ndani?

Ngati sikanakwane masabata 8, kapeseni ndi chipeso cha mano othinana, utitiriwo muziuponya m'madzi a sopo. Nsanza zimene kamagonapo muzichape ndi madzi otentha. Mukafuna mankhwala kwa alangizi a ziweto, anenetseni kuti ndi a mphaka, osati galu.