Kujambula malo mbali zonse: pulogalamu yotiyenera kuno ndi iti?

Kuchoka pa Balaka kukafika pa Liwonde ndi makilomita pafupifupi 30 okha, koma ophunzira ambiri a kuno njovu za ku Liwonde National Park amangozimva m'nkhani. Ulendo umafuna galimoto ndi ndalama yolowera. Tsono pali njira ina: mmodzi akajambule malowo mbali zonse, madigiri 360, anzake adzaone pa kompyuta, akutembenuka uku ndi uku ngati aima okha m'mbali mwa Shire. Pachingerezi amati virtual tour. Ophunzira amakonda kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, pulogalamu yake yabwino ndi iti?" Ine ndimati Hugin ndi Marzipano, ndipo zifukwa zanga ndi izi.

Ntchitoyi ili pawiri. Koyamba mumasoka zithunzi zambiri kuti zikhale chimodzi chozungulira. Kachiwiri mumalumikiza zithunzi zozungulirazo kuti munthu akadina muvi achoke pa geti n'kufika mu labu, kapena achoke pa Kamuzu Barrage n'kufika pa msika wa Liwonde.

Pa kusoka, mayina awiri otchuka ndi PTGui ndi Hugin. Onsewa anachokera ku Panorama Tools, ntchito ya Helmut Dersch, pulofesa wa physics wa ku Germany. PTGui ndi yachangu komanso yosavuta, koma ndi yogula, ndipo ndalama yake ndi yakunja. Hugin ndi yaulere. Mukaitsitsa kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti, pa Windows ngakhale pa Linux.

Pa kulumikiza, Kuula ndi Matterport ndi zokongola ndithu, koma zithunzi zanu zimakakhala pa makompyuta a eni ake. Kuzikweza kumadya bandulo, kuzionetsa kumadyanso bandulo, ndipo zinthu zabwino kwambiri amazipereka kwa olipira mwezi ndi mwezi. Marzipano ndi yaulere. Imafuna intaneti pokonza ulendowo, koma ikamaliza imakupatsani mafayilo anu onse kuti musunge pa kompyuta kapena pa flash.

Nkhani ya kosunga mafayiloyi musaitenge mopepuka. Google inali ndi Expeditions ndi Tour Creator, mapulogalamu amene aphunzitsi a m'mayiko ambiri ankakonzera maulendo a ophunzira awo. Mu June 2021 inawatseka. Mu 2023 inatsekanso pulogalamu ya pafoni ya Street View imene anthu ankajambulira zithunzi za madigiri 360. Ngati kampani yaikulu chotero imatseka zinthu zake, nanga zazing'onozi? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chithunzi cha sukulu yanu, cha phiri la Chikala kapena cha nyanja ya Malombe chaka chino sichidzajambulikanso chimodzimodzi. Amene anaona mmene namondwe Freddy anasinthira malo m'chigawo cha kummwera mu March 2023 akudziwa zimene ndikunena.

Ena anena kuti Hugin ndi yovuta, mabatani ake ndi ambirimbiri, ndipo imafuna kompyuta pamene sukulu zina zilibe. Zoona zimenezo. Ngati muli ndi foni yokha, yambani ndi panorama ya pafoni pomwepo, ngakhale imangojambula mzere umodzi, kusiya kumwamba ndi pansi. Koma komwe kuli kompyuta ngakhale imodzi, ine ndikuti kuvutako n'kumene kuli phunziro. Hugin imakuonetsani timadontho timene yapeza kuti tikufanana pa zithunzi ziwiri, ndipo ikalakwitsa mumakonza nokha. Pulogalamu yongodina kamodzi imabisa zonsezi.

Komanso palibe pulogalamu, yaulere kaya yogula, imene ingakonze bwinobwino zithunzi zojambulidwa mosatsata physics. Tambasulani dzanja, muimike chala chachikulu, mutsinzine diso limodzi, kenaka linalo. Mwaona chala chikudumpha poyerekeza ndi mtengo uli patsidyapo, eti? Imeneyo ndi parallax, yomweyi timakuchenjezani powerenga measuring cylinder. Mukamajambula mukuzungulira thupi lonse foni ili patsogolo, diso la kamera limasuntha malo, choncho zinthu zapafupi zimasuntha poyerekeza ndi zakutali. Posoka, mtengo wa mlambe umaoneka wodukizika pakati. Mankhwala ake ndi osavuta: diso la kamera likhale pamalo amodzi, inu ndi amene muzizungulira foniyo. Mangani chingwe pafupi ndi diso la kamera, kamwala kalendewere kunsi, mujambule chizindikiro pansi. Pa chithunzi chilichonse kamwalako kazikhala pamwamba pa chizindikirocho.

Zithunzi zingati? Tiyerekeze kuti kamera yanu imaona madigiri 60 m'mbali. Chithunzi chilichonse chiyenera kubwerezako gawo limodzi mwa magawo atatu a chinzake, ndiye kuti chatsopano chimangowonjezera madigiri 40. Gawani 360 ndi 40, mupeza zithunzi 9 pa mzere umodzi. Muwonjezere mzere woyang'ana m'mwamba, wina woyang'ana pansi, kenaka chimodzi cha kumwamba kwenikweni ndi china cha kumapazi. Musanayambe, tsekani exposure kuti kuwala kusamasinthesinthe, apo ayi thambo lituluka la mizeremizere. Chithunzi chomaliza chimakhala chotalika kawiri kuposa msinkhu wake, chifukwa chimatenga madigiri 360 m'mbali ndi 180 kuchoka pansi kufika kumwamba.

Musadikire ulendo wa ku paki. Yambirani pa bwalo la sukulu yanu, m'mamawa dzuwa lisanaswe mtengo, anzanu asanayambe kudutsadutsa pa kamera. Ngati pali munthu aoneke m'chithunzicho, mumupemphe kaye. Mukamaliza, mafayilo muwasunge malo awiri, pa kompyuta ya sukulu ndi pa flash.