Muwerengenso oyenda pansi pa Ginnery Corner

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za mphambano ya pa Ginnery Corner, mumsewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Gulupu. Mwezi watha ndinaima pamenepa nthawi yaitali, chakudya cha wodwala chikuzizira m'manja, galimoto ndi njinga zamoto osandipatsa mpata wowoloka.

Inu oyang'anira misewu, musanagamule zoika maloboti kapena wapolisi, musawerenge galimoto zokha. Tumani anthu akawerengenso oyenda pansi m'mawa, masana ndi madzulo, nthawi yozonda odwala. Aonenso masekondi amene nkhalamba yoyendera ndodo imatenga powoloka. Ndipo mukaika maloboti, magetsi akazima wapolisi aziimapo.

Abusa, kumbutsani akhristu oyendetsa galimoto kuti woyenda pansi nayenso ndi mnansi wawo.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Chiradzulu.