Phiri Lathu Talisiyira Alendo

Chaka ndi chaka, mwezi wa Julaye ukafika, ku Likhubula kumasonkhana khamu la anthu kudzaonerera mpikisano wa anyamata ndi atsikana othamanga pa phiri la Mulanje. Amakwera ku Chambe, nadutsa ku Lichenya, natsikiranso pomwe anayambira, ulendo wa makilomita oposa 20 m'njira za miyala. Mpikisanowu unayamba ndi amtengatenga, anthu amene amasenza katundu wa alendo pa phiripo. Alendo ochokera kutsidya kwa nyanja amabwera kudzayesa nawo mphamvu, ndipo ambiri amatsalira m'mbuyo. Koma ife a ku Phalombe, amene timadzuka m'mawa uliwonse phiri lomwelo lili pakhomo pathu, tikamva zimenezi timangoseka, nkumati: kukwera phiri popanda chokatenga ndi masewera a azungu osowa chochita.

Mau amenewa tawamva pa msika, pa maliro, ngakhale pa bwalo la tchalitchi Misa itatha. Ife tikuti ndi mau olakwa, ndipo atipweteka kale.

Tiyambe taona kumene alendowo amachokera. Ku mapiri a Alps, m'maiko a France, Italy ndi Switzerland, miyezi ya Julaye ndi Ogasiti ndi nyengo yofunda. Sukulu zikatsekera, mabanja athunthu amapita ku midzi ya m'mapiri kukayenda pansi, kuthamanga ndi kuchita nawo zikondwerero za eni mudzi. Ku Chamonix, kuyambira chaka cha 2003, kumachitika mpikisano wozungulira phiri la Mont Blanc, mtunda wa makilomita pafupifupi 170, kudutsa maiko onse atatuwo. Midzi yambiri ya kumeneko kale inali ya abusa a ng'ombe osauka. Lero ana ake amadya ndi kuphunzira chifukwa cha phiri limene makolo awo analisunga.

Nanga Eklezia amati ndi ulesi zimenezi? Iai. Papa Pius XI anali katswiri wokwera mapiri asanakhale Papa, ndipo mu 1923 anaika Bernard Woyera wa ku Menthon kukhala nkhoswe ya okwera mapiri. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anatiyendera kuno ku Malaŵi mu 1989, ankapita kukapumula ku mapiri a Aosta, nayenda pansi ndi ndodo m'manja. Pa 7 Seputembala 2025 Papa Leo XIV analemba m'gulu la oyera Pier Giorgio Frassati, mnyamata wa ku Turin amene anamwalira mu 1925 ali ndi zaka 24. Iyeyu ankagawa nthawi yake pakati pa kuchezera amphawi ndi kukwera mapiri. Malembo Oyera nawonso sabisa: Mose analandira malamulo pa phiri, Eliya anamva Mulungu pa phiri, ndipo Ambuye Yesu, anthu akawapanikiza, ankakwera phiri kukapemphera. Anaitananso ophunzira awo kuti apatuke akapumule. Kodi tinene kuti onsewa anali osowa chochita?

Tsono tidzifunse tokha. Ife phiri timalikwera, inde, koma timakwera ndi nkhwangwa, sowo ndi machesi. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene mwachibadwa sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi, tautha ndi macheka, kotero kuti mitengo yaikulu yatsala m'nkhani za agogo. M'mbali mwa Michesi utsi wa makala sutha. Munthu wokwera kukadula timamutcha wolimbikira. Wokwera kukaona ndi kuyamika timamutcha wopenga. Maganizo athu atembenuka chadodolido.

Wina adzati: Bambo, mukunena za tchuthi kwa munthu amene wagona ndi njala? Funsoli ndi lolemera, ndipo sitilipeputsa. Wootcha makala sachita zimenezi chifukwa chodana ndi mitengo. Ana ake akufuna ufa ndi fizi. Koma tiyankhe moona. Thumba la makala limadyetsa banja masiku owerengeka, ndipo mtengowo wapita. Mtengatenga kapena wolondolera alendo amadyera njira yomweyo chaka chino ndi chamawa, njirayo osatha. Ndiponso kukwera Michesi sikulira ndalama ya ndege. Mlendo amalipira chuma chambiri kuti adzaone chimene ife tinapatsidwa ulere. Si umphawi umene umatiletsa, koma kupeputsa.

Ndipo mtengo wa kupeputsako taulipira ndi maliro. Mu Malichi 1991 napolo anatsika ku Michesi, nakokolola nyumba, milatho ndi anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anabwera, ndipo abale athu a ku Nkhulambe ndi midzi ina anakwiririka ndi matope ndi miyala. Sitikunena kuti nkhwangwa ndiyo inagwetsa mvula. Mvula yotero ikhoza kugumula ngakhale phiri la mitengo. Koma nthaka yopanda mizu simwa madzi, imangowataya kunsi kumene kuli nyumba zathu. Papa Fransisko, m'kalata yake ya 2015 yotchedwa Laudato Si', anatiphunzitsa kuti kuonongeka kwa chilengedwe kumayamba kupweteka amphawi. Ife a ku Phalombe sitifunika kuuzidwa. Manda ndiwo mboni.

Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo amene dziko lonse liyenera kuwasunga. Mu 2014 linali litalemekeza kale gule wathu wa tchopa. Akunja aona mtengo wake wa zinthu zathu. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma n'zamanyazi kuti mwini nyumba aziuzidwa ndi mlendo kuti nyumba yake njokongola.

Chifukwa chake tikupempha makolo ndi atsogoleri a miphakati kuti tchuthi chachikulu chikubwerachi chisathere ana athu m'nyumba za kanema ndi m'malo omwera mowa. Sankhani tsiku, pezani wolondolera wodziwa njira ndipo mumlipire mokwanira, pakuti thukuta lake si la bulu. Tengani chigumu, mbatata ndi thobwa. Pitani nawo ku Fort Lister, linga limene linamangidwa mu 1893 kuti litseke njira ya ogulitsa akapolo, muwafotokozere zimene zinkachitika pampata umenewo. Olimba miyendo apitirire mpaka ku Sombani. Achinyamata a parishi akonze mpikisano wawo wothamanga, atsikana ndi anyamata omwe, madzulo ake kukhale tchopa. Sapitwa, wa mamita 3,002, musamuyese mwachibwana. Chifunga cha kumeneko chasokeretsa anthu. Koma mantha asatitsekere phiri lonse.

Mwana amene anamwapo madzi pa kasupe wa pamwamba, naona mudzi wake uli kang'onong'ono kunsi ndi nyanja ya Chilwa ikunyezimira patali, adzazengereza kutentha tchire limenelo akadzakula. M'mera mpoyamba. Mvula ikadzagwa, mphakati womwewo ubwererenso kumeneko ndi mbande m'manja. Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Ife munda wathu ndi uwu watikuta ndi mthunzi wakewu, ndipo tidzafunsidwa za iwo.